Madzi Akakwera Mfumu Imasamuka: Kuunika Zimbale za Kiyibodi za Gulu la WITCH

Pali mlandu wina womwe sufika pabwalo la mfumu ngakhale kukhoti, koma umazengedwa tsiku ndi tsiku paliponse pomwe okonda nyimbo akhala pansi. Umamveka m'maminibasi oyenda pakati pa Mangochi ndi Monkey Bay, umamveka pa Makawa asodzi akamasoka maukonde wayilesi ili pambali, umamvekanso m'malo achisangalalo a m'mphepete mwa nyanja usiku wa Loweruka. Woyimbidwa mlandu ndi kiyibodi. Odandaula amati chida chimenechi chidapha nyimbo. Amati chidachotsa ntchito woyimba ng'oma, chidalanda malo a gitala, ndipo chidasandutsa gulu la anthu asanu kukhala munthu mmodzi wongodina mabatani. Mlanduwu umafika pachimake pamene gulu lakale, lomwe anthu adalidziwira pa magitala, latulutsa chimbale chodzaza ndi kulira kwa makina. Apo chigamulo chimabwera mboni zisanayankhule: anthuwa agulitsa mwambo.

Nkhani ino izenga mlanduwu modekha potengera gulu limodzi la kuseri kwa malire a Mchinji, gulu la WITCH la m'dziko la Zambia, ndi zimbale zake ziwiri za Movin' On cha 1980 ndi Kuomboka cha 1984. Gululi lasankhidwa chifukwa mbiri yake idazungulira n'kukwana. Tikudziwa pomwe lidayambira, pomwe lidakhotera, komanso zomwe zidalichitikira patapita zaka 40. Zomwe tipeze kumeneko tibwera nazo kunyanja kuno, poti ifenso tili ndi nyimbo zathu za kiyibodi zomwe zikudikira chigamulo.

Anyamata olonjeza chipwirikiti

WITCH lidabadwira ku Kitwe, m'chigawo cha migodi ya kopa, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. M'Chingerezi dzinali limatanthauza mfiti, koma eni ake adalitambasula kukhala We Intend To Cause Havoc, kunena kuti cholinga chawo chidali kuyambitsa chipwirikiti. Wotsogolera nyimbo adali Emmanuel Chanda, yemwe anthu adamutcha Jagari pomufanizira ndi Mick Jagger wa gulu la Rolling Stones. Pambuyo pake padali Chris Mbewe ndi John Muma pa magitala, Gedeon Mulenga pa besi, ndi Boidi Sinkala pa ng'oma. Pofika 1977 adali atatulutsa zimbale zisanu, ndipo chotchuka koposa ndi Lazy Bones!! cha 1975, chomwe adajambulira ku DB Studios mumzinda wa Lusaka.

Nthawiyo idawakomera. Dziko la Zambia lidalandira ufulu mu 1964 ndipo ndalama za kopa zinkayenda m'matumba a anthu ogwira ntchito m'migodi. Wam'migodi akalandira malipiro ankagula chimbale, n'kulipira pakhomo la holo kuti akavine. Chapakati pa zaka za m'ma 1970 Pulezidenti Kenneth Kaunda adalamula kuti pafupifupi nyimbo zonse za pawayilesi zikhale za oyimba a m'dzikomo, ndipo ku Ndola kudali fakitale ya Teal yodinda zimbale. M'nthaka yachonde chotere mudamera mtundu wa nyimbo wotchedwa Zamrock, wa anthu monga Rikki Ililonga ndi gulu la Musi-O-Tunya, Paul Ngozi ndi Ngozi Family, komanso gulu la Amanaz.

Womvera Lazy Bones!! lero akumva chomwe chinkakopa anthu. Gitala ikulira mokhadzula ngati njati yolasidwa, ng'oma zikuthamanga ngati zikuthawa moto, ndipo mawu a Jagari akutuluka osapsatira, nthawi zina kupitirira pomwe nyimbo idawalembera malire. Muli fumbi, muli thukuta. Ichi ndi chithunzi chomwe okonda gululi adachisunga m'mitima, ndipo n'chomwe amayezera china chilichonse chomwe lidachita pambuyo pake.

Madzi akwera

Chakudza sichiyimba ng'oma. Cha m'ma 1975 mtengo wa kopa udagwa pamsika wa dziko lonse, ndipo thumba la wam'migodi lidayamba kupepuka. M'zaka za 1978 ndi 1979 asilikali a Ian Smith a ku Rhodesia ankaphulitsa malo ena m'Zambia posaka omenyera ufulu wa Zimbabwe, mpaka kulowa mu Lusaka mwenimweni. Boma lidaletsa kuyenda usiku. Gulu loyimba lomwe chakudya chake chimachokera m'madansi a usiku lidapezeka lilibe pogwira. Pamwamba pa izi padafika makina a disiko. Mwini bala adazindikira kuti mnyamata mmodzi wokhala ndi zimbale ndi zokuzira mawu atha kuvinitsa anthu pamtengo wochepa kuposa anthu asanu ofuna malipiro, chakudya ndi galimoto yonyamula zida. Jagari naye adachoka m'gululi n'kukaphunzira zauphunzitsi ku Evelyn Hone College ku Lusaka.

Tiyeni tiime pamenepa, awerengi, chifukwa ndi pomwe odandaula ambiri amadumpha. Pofika 1980 gulu la WITCH lidalibe mwayi wosankha pakati pa kukhala momwe lidalili ndi kusintha. WITCH yakale idali itatha kale: woyimba wamkulu adali atapita, omvera adali atasamukira ku disiko, ndalama zidali zitauma. Zosankha zidali ziwiri zokha, kupachika magitala kapena kuphunzira chinenero chatsopano. Otsalawo adasankha chachiwiri. Adalandira mnyamata wodziwa kiyibodi, Patrick Mwondela, pamodzi ndi oyimba atsopano monga Christine Jackson ndi Patrick Chisembele.

Dzina la chimbale chawo cha 1984 likunena nkhani yonseyi m'liwu limodzi. Kuomboka ndi mwambo wa Alozi a kumadzulo kwa Zambia, ndipo liwuli limatanthauza kutuluka m'madzi. Mtsinje wa Zambezi ukasefukira kumapeto kwa dzinja, ng'oma zachifumu zimalira kuitana opalasa, ndipo mfumu yawo, Litunga, imakwera bwato lalikulu la Nalikwanda kuchoka ku Lealui kupita kumtunda ku Limulunga. Palibe Mlozi amene amati mfumu yathawa ufumu chifukwa yasamuka. Ufumu umakwera nawo m'bwatomo. Ife a kunyanja sitifunika kutiphunzitsa zimenezi. Mu 2024 nyanja ya Malawi idakwera mpaka kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo a m'mphepete mwa Mangochi, ndipo wanzeru adali yemwe adanyamula katundu kupita kumtunda. Funso loyenera kufunsa zimbale ziwirizi ndi lakuti: pomwe gululi linkasamuka, lidakweza chiyani m'bwato, nanga lidasiya chiyani m'madzi?

Chida choyimbidwa mlandu

Tisanamvere, tidziwe kaye chidacho. Chomwe timangochitcha kiyibodi chili m'mitundu ingapo, ndipo mtundu womwe ukutikhudza pano ndi synthesizer. Gitala imalira chifukwa nsambo yanjenjemera, ng'oma imalira chifukwa chikopa chagundidwa. Synthesizer ilibe nsambo ngakhale chikopa. Mkati mwake mphamvu ya magetsi ndi yomwe imanjenjemera, ndipo woyimba amasefa kunjenjemerako, kuchotsa mbali zina n'kusiya zina, kenaka n'kusankha ngati liwulo libwere mwadzidzidzi ngati kugogoda kapena pang'onopang'ono ngati mphepo ya mwera. Choncho woyimba chida chimenechi amakhala ndi ntchito ziwiri, kuumba liwu ndi kuliyimba. Ulesi womwe anthu amachinenera suchokera m'chidacho. Umachokera kwa woyimba yemwe wasiya ntchito yoyambayo n'kungotenga mawu omwe adabwera kale m'makinamo kuchokera kufakitale.

Robert Moog wa ku America adayamba kupanga zida zotere m'zaka za m'ma 1960, ndipo mu 1970 mudatuluka Minimoog, yaing'ono yotheka kunyamula. Mu 1977 Donna Summer ndi Giorgio Moroder adatulutsa I Feel Love, nyimbo yovinika yomangidwa pafupifupi yonse pa makinawa. Mu 1978 a Rolling Stones omwe, omwe adapatsa Jagari dzina, adatulutsa Miss You, nyimbo ya kugunda kwa disiko. Mu 1983 kampani ya Yamaha idatulutsa DX7, yomwe mawu ake adadzaza nyimbo za dziko lonse, ndipo chaka chomwecho Brenda Fassie adagwedeza Joni ndi Weekend Special. Anthu a ku Mangochi, omwe ana awo akhala akupita ku Joni kwa mibadwo, adamva kulira kumeneku msanga kudzera m'makaseti obwera m'zikwama za obwerera kumudzi. WITCH sidasochere yokha m'tchire. Idalowa mumsewu womwe dziko lonse linkadutsa.

Zomwe khutu likumva

Mukayika Movin' On, choyamba kukugundani ndi ng'oma yapansi. Ikugunda mofanana, mosaphonya, ngati amayi awiri osinja mumtondo umodzi. M'zimbale zakale ng'oma zinkathamangitsana ndi gitala, koma pano zakhala maziko a nyumba, ndipo china chilichonse chamangidwa pamwamba pake. Besi, yomwe kale inkabisala kuseri kwa phokoso, yatulukira poyera. Ikudumpha, ikusiya mipata, ikubwerera, ndipo ndi yomwe ikuuza chiuno cha wovina chochita. Gitala yavula ukali wake. Yasiya kubangula ndipo ikukanda timawu tifupitifupi ngati nkhuku yopalasa pabwalo. Yemwe amati luso lidatha apa sadayesepo kugwira kugunda kumodzi kwa mphindi zisanu osathamanga kapena kutsalira. Phokoso limakhululukira wolakwitsa, koma nyimbo yoyera chonchi imamuyalutsa nthawi yomweyo.

Kiyibodi ya Mwondela ikugwira ntchito ziwiri. Nthawi zina ikuyala mkeka wa mawu ataliatali pomwe oyimba akukhalapo. Nthawi zina ikuponya timizere tachidule pomwe woyimba wapumira, ndipo apa ndi pomwe pali chuma cha chimbalechi. Woyimba akaponya, kiyibodi ikuvomera. Akaponyanso, ikuvomeranso mosintha pang'ono. Uku ndi kuyimba kwa wotsogolera ndi ovomera komwe timakumva pamtondo, pamaliro ndi pokoka khoka. Chidacho n'chachilendo, koma mwambo wa kuyankhana womwe chapatsidwa ndi wa kwathu kuno. M'nyimbo ya Let's Get Together komanso m'nyimbo yomwe yapatsa chimbalechi dzina, gululi likumveka ngati anthu omwe akumverana, aliyense akudziwa pomwe mnzake aponde. Zimenezi makina sapereka. Zimabwera ndi zaka zoyimbira limodzi m'maholo a fumbi.

Chachiwiri chomwe chidakwera m'bwato ndi liwu la mayi. Zamrock idali bwalo la amuna: amuna pa magitala, amuna pa ng'oma, amuna pa maikolofoni. Pa Movin' On mawu a Christine Jackson aima kutsogolo, osati ngati wokometsera kumbuyo koma ngati mwini nyimbo. Kufewa kwa kiyibodi kudatsegula malo omwe gitala yokhadzula inkatseka, pakuti mawu osalala sakadamveka pakati pa mkuntho uja. Amene amalira kuti WITCH idafewa ayenera kudzifunsa ngati chomwe akulira ndi luso kapena ndi bwalo lomwe amayi sankaloledwa kulowamo.

Pa Kuomboka, patapita zaka zinayi, kiyibodi yakula mphamvu. Mawu ake achindikala ndipo akutenga mbali zomwe kale zikadapatsidwa kwa malipenga kapena gitala yotsogolera. Nyimbo ya Erotic Delight ikuonetsa gulu lomwe laphunzira chinenero chatsopanocho mpaka kuchiyankhula mosaganizira. Komabe chimbalechi chikumveka ngati cha anthu omwe akuyang'ana mbali zingapo nthawi imodzi: kuno disiko, uko reggae, kwinaku kukumbukira kwawo. Kusakhazikika kumeneku kuli ndi kukoma kwake, koma kukuonetsanso kuti bwato lidali lisanapeze doko. Gululi silidatulutsenso chimbale china m'zaka zimenezo.

Chomwe chidatsala m'madzi

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Zimbale ziwirizi zili ndi chilema, ndipo wozikonda asachibise. Chilemacho chili m'mawu. Nyimbo zambiri ndi zachikondi, za m'Chingerezi, ndipo zikunena zomwe woyimba wa ku New York kapena London akadanena osasintha liwu ndi limodzi lomwe. Izi zinkayimbidwa pomwe anthu a ku Kitwe ndi Lusaka ankaima pamizere kudikira ufa, sopo ndi mafuta ophikira. Munthu atha kunena kuti wovutika amafunanso poiwalira mavuto, ndipo n'zoona. Koma nyimbo yoiwalitsa mavuto imagwira mtima kwambiri ikamayankhula chinenero cha mwini mavutowo. Paul Ngozi adazidziwa izi, n'chifukwa chake nyimbo zake za m'Chinyanja zokamba za moyo wa m'makomboni zidakhala pamilomo ya anthu.

Chilungamo chikufuna tinene kuti chilemachi sichidabwere ndi kiyibodi. WITCH yakale nayo inkayimba kwambiri m'Chingerezi, ndipo mawu a nyimbo zake zambiri sadali akuya. Kusiyana kwake n'kwakuti kale ukali wa gitala ndi misala ya Jagari zinkaphimba umphawi wa mawuwo. Munthu sankafunsa zomwe zikunenedwa poti thupi la woyimbayo linkanena zambiri. Kiyibodi itasesa bwalo, mawu adatsala poyera ndipo kuonda kwawo kudaoneka. Kiyibodi idangoyatsa nyali m'nyumba momwe mudali kale mopanda katundu.

Umboni wake ndi zomwe zidatsatira. Chomwe chidalanda bwalo m'Zambia m'zaka za m'ma 1980 sichidali rock ngakhale disiko ya m'dzikomo, koma kalindula, nyimbo za anthu monga P.K. Chishala ndi gulu la Amayenge, zoyimbidwa m'zinenero za anthu ndi kukamba za maukwati, umphawi ndi miseche ya m'mudzi. Anthu adatsata yemwe ankayankhula nawo. Kenaka mliri wa Edzi udakolola oyimba ambiri a m'badwo umenewo, moti mwa oyambitsa WITCH adatsala ndi Jagari yekha, yemwe pambuyo pake adakakhala wokumba miyala ya mtengo wapatali. Mwondela adasamukira ku Britain.

Beni, injini ndi Balaka

Tibwerere kunyanja. Wonena kuti chida chachilendo chimaipitsa nyimbo ayambe wafotokoza za beni. Gule ameneyu, yemwe Ayao a ku Mangochi amamutcha wawo ndipo palibe angawatsutse, adatengera perete wa asilikali a atsamunda, ndipo dzina lake lomwe lidachokera ku liwu la Chingerezi lotanthauza gulu la oyimba malipenga. Mayunifomu, maudindo, wezulo ndi kuguba, zonsezi zidali za eni mfuti. Makolo athu adazitenga, adazipinda, n'kuzisandutsa chida chosekera ndi kudzudzula. Lero palibe amene amati beni ndi wachilendo. N'chimodzimodzi gitala yomwe odandaula akuiteteza: idabwera pa sitima ngati kiyibodi yomwe. WITCH ya 1975 idabwereka kwa Jimi Hendrix ndi Rolling Stones monga momwe WITCH ya 1980 idabwerekera kwa oyimba disiko. Ngati kubwereka ndi mlandu, onse awiri ndi olakwa. Ngati si mlandu, tiyeze zomwe wobwerekayo adachita nacho chobwerekacho.

Msodzi yemwe wamangirira injini kumbuyo kwa boti lake sasiya kukhala msodzi. Injini imamufikitsa msanga pomwe pali usipa, koma siimuuza pomwe pali usipawo. Kudziwa mphepo, mwezi ndi mtundu wa madzi kumakhalabe m'mutu mwake. Wopanda nzeruzo injini imangomuthandiza kusochera mofulumira.

Chitsanzo chathu chili pafupi, ku Balaka, m'dayosizi yomweyi ya Mangochi. Kumeneko gulu la Alleluya Band lidayamba mu 1978 pansi pa mpingo wa Katolika, ndipo m'manja mwa Paul Banda mudatuluka kayimbidwe komwe kadadzalamulira dziko lonse m'zaka za m'ma 1990. Msana wa kayimbidweko udali kiyibodi ndi ng'oma za m'makina, pa kugunda kwa reggae yofewa. Situdiyo yaing'ono idatha kujambula oyimba ambiri omwe sakadakwanitsa kulipira gulu lathunthu, ndipo makaseti awo adafika m'golosale iliyonse kuyambira ku Liwonde mpaka ku Makanjira. Mu 1994, chaka chomwe dziko lidachita chisankho cha zipani zambiri, Lucius Banda adatulutsa Son of a Poor Man n'kuyamba ulendo womwe udamupatsa dzina loti Soja, woyankhulira amphawi, mpaka imfa yake mu 2024.

Apa pali phunziro lomwe likumaliza nkhani ya WITCH. Makina a ku Balaka sadali apamwamba kuposa a Mwondela, ndipo kunena zoona zala za Mwondela zidaumba mawu okoma kuposa ambiri a m'makaseti athu. Balaka idali ndi chilema chakechake: kugunda kumodzimodzi kobwerezedwa pa oyimba khumi, mpaka munthu osasiyanitsa nyimbo isanafike pa mawu. Koma Balaka idakweza m'bwato chomwe WITCH idasiya m'madzi. Idayimba m'Chichewa za ndende, za ulova, za ana amasiye, za atsogoleri oiwala omwe adawasankha. N'chifukwa chake mayi wogulitsa utaka pamsika wa Mangochi atha kukuyimbirani nyimbo ya ku Balaka yonse osaphonya, patatha zaka 30. Chida chimodzi, zotsatira ziwiri. Kusiyana kudali pa zomwe woyimba adali nazo zoti anene.

Ndani agamule?

Mbiri ya WITCH ili ndi mchira wofunika kuuona. Mu 2012 kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles idasonkhanitsa zimbale zisanu zoyamba za gululi n'kuzitulutsanso pamodzi, ndipo achinyamata a ku Ulaya ndi America adazilandira ndi manja awiri. Movin' On ndi Kuomboka zidatulutsidwanso padera mu 2014. Tiyamike ntchito imeneyo, poti popanda iyo nyimbozi zikadaola. Koma tionenso momwe kukoma kwa msika wakunja kumasankhira mbiri yathu. Kumeneko chithunzi chogulika ndi cha Mwafrika wa gitala yolusa ndi situdiyo yosauka. Mwafrika wa makina osalala, wofuna kumveka ngati wa mumzinda wamakono, amaoneka ngati wataya chikhalidwe.

Muyeso umenewu sagwiritsa ntchito pa oyimba a kwawo. Mu 2011 gulu la Foals la ku Oxford lidayimba pa chikondwerero cha Lake of Stars ku Nkopola konkuno. Mu 2022 gulu lomwelo lidatulutsa Life Is Yours, chimbale chovinika chodalira kwambiri makiyibodi. Otsutsa adakangana ngati chili chabwino kapena ayi, koma sadafunse ngati anyamatawo akadali Angerezi. Woyimba wa ku Kitwe kapena ku Balaka ayenera kupatsidwa ufulu womwewo, wosintha, wokalamba, ngakhale wolakwitsa, popanda kulandidwa mtundu wake.

Gululo lidayankha lokha funsoli. Mtaliyana Gio Arlotta atajambula kanema wa mbiri yake, yemwe adatuluka mu 2019, WITCH idadzukanso ndi Jagari ndi Mwondela pamodzi, mothandizidwa ndi oyimba achinyamata a ku Ulaya monga Jacco Gardner wa ku Netherlands. Anthu awiriwa akuimira nyengo ziwiri zomwe okonda gululi ankazilekanitsa. Mu 2023 adatulutsa Zango, chojambulidwa ku DB Studios komwe kuja, momwe gitala yokhadzula ndi kiyibodi zikuyimba limodzi, zinenero za ku Zambia zapatsidwa malo, ndipo amayi monga Theresa Ng'ambi, Hanna Tembo ndi Sampa the Great akumveka. Mu 2025 kudabwera Sogolo, dzina lomwe Mchewa aliyense alimva popanda womasulira. Khomo lomwe Christine Jackson adalowera mu 1980 silidatsekedwenso, ndipo kiyibodi yomwe inkatchedwa chiwembu yakhala theka la dzina la gululi.

Chigamulo cha nkhani ino n'chotere. Movin' On ndi chimbale chabwino, cholimba m'miyendo, choyimbidwa ndi anthu odziwa ntchito, ngakhale chili chosauka m'mawu. Kuomboka n'chosakhazikika koma cholimba mtima, ndipo dzina lake ndi lanzeru kuposa nyimbo zake zina. Zonse ziwiri si zimbale zopambana za WITCH, koma ndi za WITCH ndithu, ndipo wozichotsa pa mndandanda akunamiza mbiri. Kiyibodi ituluke m'bwalo la milandu, ilibe mlandu. Woyenera kufunsidwa ndi wolemba mawu ndi woumba liwu.

Kwa ife olemba ndi okonda Chichewa patsala ntchito. Makaseti a ku Balaka ndi a magulu ena a nthawi imeneyo ali m'makatoni m'nyumba zathu, akudyedwa ndi chinyezi ndi kutentha kwa kunyanja. Ambiri timawanyoza kuti ndi nyimbo za pamakina, osayenera kulembedwa m'mabuku. Anzathu a ku Zambia adadikira zaka zoposa 30 kuti mlendo wa ku Los Angeles adzawauze kuti zomwe adataya zidali chuma. Fodya wako ndi yemwe ali pamphuno. Tiwamvere makasetiwo tsopano, tilembe omwe adayimba, chaka ndi situdiyo, tisiyanitse abwino ndi ofooka ndi makutu athu, eni ake ena akadali moyo kuti atiyankhe mafunso.